Mzamba pa Thumbi

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndagwira ntchito ku Lusumbwe,
nyanja ndimaionera pa zenera la kumatenite.
Madzi anga ndi a m'beseni,
ofika m'zigongono, osapitirira.
Kwathu ku Ntchisi kamtsinje kopanda dzina
kanatenga mlongo wanga Fanuwelo
ine ndili pamtunda, nditamugwirira malaya.
Chiyambire tsikulo ndimasamba ndi kapu.

Loweruka lija anzanga anandikokera m'boti.
Ati sindingapume pantchito
ndisanaone Thumbi ya pansi.
Jekete yoyandamitsa ndinamanga zingwe zonse zitatu,
n'kufunsanso ngati ilipo yachiwiri.

Twaibu, mnyamata wa ku Chembe,
analavulira m'chigalasi, natsukuluza, nandiveka kumaso.
Ati malovu amaletsa nthunzi.
Ine wa sipiriti ndi magolovesi ndinangoti chete.
Paipi yopumira inalowa m'kamwa
ili ndi zipsera za mano a amene anailuma dzulo.

Makwerero a boti ali ndi masitepe atatu.
Pa lachitatu ndinakhalapo nthawi yokwana kupsa kwa mbatata.
Phazi linafufuza lachinayi, kulibe.
Linafufuza dziko, dziko kulibe.
Ndinamwa nyanja, ndinatsamwa,
ndinaitana Yesu ndi amayi anga m'mpweya umodzi,
zikhadabo zanga zitamira pamkono wa mwana wa eni.

"Amayi, pumani. Ndi pakamwa.
Musaumitse thupi. Kokani, tulutsani.
Ndili pompano, sindikuchoka."

Aa! Mawu angatu amenewo.
Ndawanena kwa atsikana osawerengeka,
pakati pa usiku, magetsi atazima, tochi ili pachipumi,
nthawi zina mokalipa, maso ali pa wotchi.
Sindinkadziwa kuti wowamva
amawamvera kutali chonchi,
ngati munthu akukuitana kutsidya mwera ukuomba.

Ndinagoneka nkhope pamadzi.

Phokoso lonse linatsala kumwamba.
Kunangotsala kupuma kwanga, fuu, fuu, ngati mvukuto.
Pansi panga miyala yaikulu ngati nkhokwe zogwa,
itafunda ndere,
dzuwa litang'ambika nsanzansanza pamsana pake.
Ndiye mbuna!
Zabuluu woposa wa yunifolomu yanga ili yatsopano,
zachikasu, zamizere, zamawangamawanga,
iliyonse ndi mwala wake, iliyonse ndi mkangano wake,
mudzi wathunthu wosadziwa kuti kuli anthu oopa.
Ina inabwera pagalasi, diso ndi diso,
inandijompha chala,
inaona kuti sindidyeka, ulendo.

Kuseri kwa mwala ina yotuwa, yotupa masaya,
inayasamula.
Tiana tinamwazika ngati mpunga wotayika pa lichero.
Mthunzi wanga utadutsa
tonse tinathamangira m'kamwa momwemo, iyo n'kutseka.
Wodi yonse m'masaya,
popanda bedi, popanda lumo, popanda fomu yolemba.
Ndinaseka, madzi analowa m'paipi,
ndinavuuka ndikutsokomola ngati mbuzi yodya chitedze.

"Imeneyo sikudya mpaka ana atakula," anatero Twaibu.
"Tibwerere m'boti?"
Ndinati ayi. Kamodzinso.

Musaganize kuti ndinaphunzira kusambira.
Chingwe cha boti sindinachitaye,
chinandisiyira matuza awiri m'chikhatho,
ndipo msana unapsa mpaka kusupuka.
Koma Fanuwelo, mlongo wanga,
zaka zonsezi ndinkati pansi pa madzi ndi mdima wokhawokha,
ndinkakuona uli m'menemo wekha.
Sindikudziwa chimene unaona iwe.
Ine ndinatsegula maso, ndinapeza kuli kuwala.

Lolemba usiku anabwera naye pa njinga,
mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri wa ku Msaka,
mimba yoyamba, maso ali tong'o,
phazi lake likufufuza sitepe lachinayi.
Wotchi ndinaifulatira.
Ndinati, pumani, ndi pakamwa, ndili pompano.
Ndinamupatsa mkono.
Zipsera za zikhadabo zake ndikadali nazo.